Yambani Mwaona Kuwala, Kudina Kubwere Pambuyo

Inu amene muli kudimba, inu muli pamsika, inu muli m'minibasi, ndi inu mwakhala pakhonde wailesi ili pambali, takulandirani. Lero tikambirana za kujambula zithunzi. Nkhaniyi ndi ya ongoyamba kumene, anthu amene kamera yawo ndi foni ya m'thumba ija basi.

Ndiyambe ndi funso. M'foni mwanumo muli zithunzi zochuluka bwanji? Nanga pa zonsezo, ndi zingati zimene mungatsukitse n'kupachika pabalaza? Ambiri tikayankha moona mtima, tipeza kuti ndi zochepa kwambiri. Zina nkhope zada bii. Zina zili chimbuuzi. Zina mutu wa amalume wadulidwa.

Akuluakulu mukukumbukira kameramani wa panjinga uja, kamera ili lende pakhosi, akuzungulira m'midzi tsiku Lamulungu anthu akuchokera kutchalitchi. Munthu uja sankangodina. Ankakusunthani kaye. Imani apa. Tembenukirani uku. Kwezani chibwano. Chifukwa chiyani? Filimu inali ndalama. Kudina kulikonse kunali kuwononga kapena kupindula, choncho ankayamba wayang'anitsitsa. Lero kudina n'kwaulere, ndipo ambiri tinasiya kuyang'ana.

Chithunzi chikaipa timathamangira kunena kuti foni yanga ndi yotchipa. Ine ndikukana. Nthawi zambiri foni ilibe mlandu. Vuto limakhala kuwala. Ndibwerezenso, chifukwa nkhani yonse ya lero yagona pamenepa: vuto limakhala kuwala. Kamera siona munthu monga mmene inu mumamuonera. Imangolandira kuwala kumene kwagunda pankhope yake n'kubwerera. Kuwala kukakhala kwabwino, foni yotchipa imatulutsa chithunzi chokoma. Kuwala kukaipa, ngakhale kamera yodula imachita manyazi.

Tiyeni tiyambe ndi dzuwa, poti kuno kwathu ndiye nyali yathu yaikulu.

Nthawi yoipa kwambiri yojambula munthu ndi masana, dzuwa lili paliwombo. Tsoka lake, ndi nthawi imene zikondwerero zathu zambiri zimafika pachimake. Taganizirani ukwati wa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Akwati atuluka m'tchalitchi, aimitsidwa pabwalo. Kuwala kukuchokera pamwamba penipeni. Chipumi chikunyezimira ndi thukuta. M'maso mwalowa mdima. Pansi pa mphuno ndi pachibwano pagwa mthunzi wakuda. Mkwatibwi akutsinzina chifukwa dzuwa likumuthobwa. Mukadina pamenepo, musadabwe kuti anthu okongola aoneka otopa ndi okwiya.

Nanga titani, poti ukwati sungadikire madzulo? Asuntheni. Alowetseni pamthunzi. Pakhonde, pambali pa khoma la tchalitchi, pansi pa tenti. Aime m'mphepete mwa mthunziwo, nkhope zitayang'ana kunja kumene kukuchokera kuwala. Inu muime kunja, msana wanu utaloza kowalako. Mudzaona nkhope zitasalala, maso atatseguka, khungu likuoneka mtundu wake weniweni.

Koma chenjerani ndi mthunzi wa mtengo. Pansi pa mango pamakoma kukhala, koma masamba amadontheza dzuwa. Munthu amatuluka mawangamawanga, tsaya lina loyera, lina lakuda. Musanadine, yang'anani pankhope. Mukaona timadontho ta dzuwa, musuntheni pang'ono mpaka nkhope yonse ikhale mumthunzi umodzi.

Nthawi yabwino ndi iti tsono? M'mawa dzuwa likangotuluka, ndi madzulo likapendeka kukalowa. Nthawi imeneyi kuwala kumabwera cham'mbali, n'kofewa, kofiirira, ndipo kumakonda khungu lathu. Tsiku la mitambo nalonso ndi labwino. Inu a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, chiperoni chija mumadandaula nacho m'miyezi yozizira chili ndi mphatso yake. Mitambo imamwaza kuwala mofanana ponseponse, mthunzi wakuda n'kusowa. Ojambula enieni amasangalala kukachita mitambo.

Mfundo ina pa kuwala komweku: dziwani kumene kukuchokera. Kodi munajambulapo kwaya m'tchalitchi, kumbuyo kwawo kuli mawindo, n'kupeza kuti mawindo aoneka bwino koma oimba onse ada bii? Kamera inaona kuwala kochuluka kumbuyoko n'kudzichepetsera, anthu n'kumira mumdima. Mankhwala ake ndi osavuta. Windo likhale kumbuyo kwa inu wojambula, kapena cham'mbali mwa munthuyo. M'nyumba, mukhazikeni munthu pafupi ndi khomo lotsegula, kuwala kumugwere pa tsaya.

Kunyanja n'chimodzimodzi. Ku Senga Bay, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay dzuwa limatulukira kunyanja. Mukamuimika mnzanu m'mawa, madzi ali kumbuyo kwake, dzuwa lilinso kumbuyo kwake, ndipo nkhope idzada. Dikirani madzulo. Dzuwa likhala litapita kumtunda, kumbuyo kwanu, likuwalitsa nkhope yake pamodzi ndi madzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikupatseni chitsanzo cha munthu amene ankadziwa zimenezi. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali wojambula wina dzina lake Seydou Keïta. Anatsegula malo ake ojambulira mu 1948. Zithunzi zake zambiri ankajambulira panja, pabwalo la nyumba, pogwiritsa ntchito kuwala kwa tsiku. Kumbuyo kwa munthu ankapachika nsalu, ndipo poyamba inali nsalu yoyala pabedi pake. Lero zithunzi zimenezo zimaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Paris ndi ku New York. Bwalo, nsalu, dzuwa, ndi diso lodekha. Kodi pa zinthu zimenezi, chimene inu mulibe n'chiyani?

Tsopano tilowe m'mawu amene ojambula amagwiritsa ntchito. Musaope. Ndi mawu achizungu, koma zimene akunena n'zapafupi.

Loyamba ndi exposure. Uku ndi kuchuluka kwa kuwala kumene kamera yalola kuti kulowe. Kukachuluka, chithunzi chimayera mbee. Kukachepa, chimada. Foni imadziyesera yokha, koma imalakwitsa kawirikawiri, makamaka pa ife a khungu lakuda. Tibwerere ku ukwati kuja. Mkwatibwi wavala diresi loyera. Kamera ikaona kuyera konseko imaganiza kuti kwawala kwambiri, imachepetsa, ndipo nkhope ya mwiniwake imazimirira. Diresi laoneka, munthu wasowa.

Vuto limeneli ndi lakale. M'nthawi ya filimu, kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu, lotchedwa Shirley, ndipo kwa zaka zambiri pakhadipo pankakhala nkhope ya mayi wachizungu. Makina ankawakonza potsatira khungu limenelo. Opanga makamera asintha zambiri kuchokera nthawi imeneyo, komabe musasiye zonse m'manja mwa makina. Musanajambule, dinani ndi chala pankhope ya munthu pasikirini. Pa mafoni ambiri pamatuluka kabokosi kapena kamkombero, pambali pake kadzuwa kakang'ono. Kokerani kadzuwako m'mwamba, nkhope iwala. Kokerani pansi, ida. Siyani pamene khungu likuoneka monga mmene maso anu akulionera. Dinani pankhope. Ngati mungaiwale zina zonse za lero, ichi chokha musaiwale. Dinani pankhope.

Kudina kumeneko kumagwiranso ntchito ina. Kumauza kamera pamene pakhale fokasi, ndiye kuti malo amene aoneke bwino kwambiri kuposa ena onse. Pa munthu, fokasi ikhale pamaso. Maso akaoneka bwino, chithunzi chimakhala ndi moyo.

Alimi, apa ndi panu. Mwapeza mbozi pa chimanga, mukuganiza kuti ndi ntchemberezandonda, ndipo mukufuna kutumiza chithunzi kwa alangizi. Ambiri amaika foni pafupi kwambiri ndi tsamba, mpaka kuligunda. Chithunzi chimatuluka chimbuuzi, chifukwa lenzi iliyonse ili ndi malire a kuyandikira. Bwezani foni m'mbuyo pang'ono, dinani pa mbozipo, dikirani kuti ioneke bwino, kenako jambulani. Mukatero jambulaninso phesi lonse, kuti alangizi aone mmene mbewu yadyekera.

Mawu ena awiri ndi aperture ndi shutter. Kuti muwamve msanga, ganizirani diso lanu. Mukalowa m'nyumba yamdima, mwana wa diso amakula kuti alandire kuwala kochuluka. Mukatuluka padzuwa, amachepa. Aperture ndi chimenecho: kabowo ka mu lenzi kolowera kuwala. Shutter ndiye chikope. Imatsegula, n'kutseka. Ikaphethira msanga, kuwala kumalowa pang'ono. Ikachedwa kutseka, kumalowa kochuluka.

Pa makamera akuluakulu, aperture mumaisintha nokha. Bowo likakula, munthu amaoneka bwino koma za kumbuyo kwake zimachita chimbuuzi, zija timazikonda pa zithunzi za ukwati. Bowo likachepa, zapafupi ndi zakutali zomwe zimaoneka bwino, ndipo n'zimene mumafuna pojambula gulu lalikulu kapena phiri. Manambala ake amasokoneza ongoyamba, chifukwa nambala yaing'ono ndiyo bowo lalikulu. Pa mafoni ambiri bowoli silisintha. Chija chalembedwa kuti portrait chimangoyerekeza, pofufutitsa kumbuyo ndi nzeru za kompyuta. N'chifukwa chake nthawi zina chimadya khutu kapena mpango wa kumutu.

Shutter ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa ndi imene imafotokoza zithunzi zogwedera. Chithunzi chakale kwambiri chojambulidwa ndi kamera chimene chilipo mpaka lero anachijambula Nicéphore Niépce ku France, m'zaka za m'ma 1820. Anailozetsa kamera pawindo, ndipo inatenga maola ambirimbiri ikumwa kuwala. Lero foni yanu imachita zimenezo mofulumira kuposa kuphethira. Koma lamulo silinasinthe. Chilichonse chimene chasuntha shutter ili chitsegukire chimatuluka chopakika.

Ndiye kukada, foni imatani? Imachedwetsa shutter kuti ipeze kuwala kokwanira. Dzanja lanu likanjenjemera pang'ono, zonse zagwedera. Mwana akatembenuka, nkhope yapakika. N'chifukwa chake ingoma kapena malipenga mukajambula masana, mwendo umaima m'malere bwinobwino, fumbi likuoneka. Gule yemweyo mukamujambula dzuwa litalowa, mumangopeza mizeremizere. Foni sinawonongeke ayi. Kuwala ndiye kwachepa.

Choncho gwirani foni ndi manja awiri. Zigongono zigunde m'nthiti. Ngati pali khoma kapena mtengo, tsamirani. Ngati pali tebulo, ikani foni pamenepo. Dinani mofatsa, osati mobaya. Mukadina, musathamangire kutsitsa dzanja.

Liwu lotsiriza pa mawuwa ndi ISO. Kukada kwambiri, kamera imadzikakamiza kukuza kuwala kochepa kumene yapeza. Ndiko kukweza ISO. Chithunzi chimawala ndithu, koma chimadzaza timadontho, ndipo mitundu imafwifwa. Mukaona zimenezo, musalimbane ndi foni. Funani kuwala. Yatsani getsi lina, tsegulani chitseko, kapena tulukani panja.

Wina afunsa kuti, nanga fulashi ija ntchito yake n'chiyani? Fulashi ya foni ndi yofooka. Imafika masitepe ochepa chabe. Kuiyatsa muli kumbuyo kwa holo, kapena pabwalo la mpira usiku, n'kungotha batire. Pafupi nayonso ili ndi vuto lake. Imamenya nkhope maso ndi maso, chipumi n'kunyezimira, kumbuyo n'kuda bii. Magetsi akazima pa phwando, yesani njira iyi. Pemphani mnzanu ayatse tochi ya foni yake, aime cham'mbali, aunikire nkhope ya munthuyo chapatali pang'ono. Kapena aunikire khoma loyera lapafupi, kuwala kubwerere kofewa. Mudzadabwa kusiyana kwake.

Za zoom ndinena mwachidule. Pa mafoni ambiri, kukoka sikirini ndi zala ziwiri sikuyandikitsa kanthu. Kumangodula chithunzi n'kuchitambasula, ndipo chimasweka. Muli ndi miyendo. Senderani pafupi. Ndipo musanayambe chilichonse, pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa. Foni imakhala m'thumba, imagwiridwa ndi manja a mandasi ndi a mafuta odzola. Chifunga chimene mumachiona pa zithunzi zanu nthawi zambiri ndi mafuta a zala zanu zomwe.

Tatha za kuwala ndi makina. Tsopano tione kaikidwe ka zinthu m'chithunzi.

Musanadine, yang'anani kumbuyo kwa munthu. Diso lathu limakonda kuthamangira pankhope, n'kuiwala zina zonse. Kamera siiwala. Imatenga chimbudzi, imatenga zovala zili pachingwe, imatenga mtengo wa magetsi ukuoneka ngati wamera pamutu pa apongozi. Sunthani phazi limodzi kumanja kapena kumanzere, zonsezo zichoka. Inu ogulitsa malonda pa WhatsApp, kaya ndi nsapato za kaunjika, kaya ndi makeke, kaya ndi tomato, mverani. Yalani nsalu ya mtundu umodzi pafupi ndi khomo. Ikani katundu mmodzi. Chotsani mbale, makiyi ndi mapazi anu. Wogula aone chimene mukugulitsa, osati za m'nyumba mwanu.

Kenako, munthu asamangokhala pakatikati nthawi zonse. M'makonzedwe a kamera ya foni muli chinthu chotchedwa grid. Mukachiyatsa, pasikirini pamabwera mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa. Yesani kuika maso a munthu pa mzere wapamwamba. Ngati akuyang'ana kumanja, musiyireni mpata kumanjako. Mizere yomweyo ikuthandizani kuwongola chithunzi, kuti nyanja isaoneke yopendekeka. Ili si lamulo la boma. Mukalizolowera, mudzadziwa nokha nthawi yoliphwanya.

Samalaninso podula. Mukafuna munthu yense, mapazi alowe. Mukafuna theka, dulani cha m'chiuno kapena pachifuwa. Musadule pamaondo, pazigongono kapena pakhosi. Ndipo pamwamba pa mutu musasiye thambo lalikulu lopanda ntchito.

Pojambula ana, gwadani. Ndikunena zoona, gwadani. Mukamujambula mwana muli chiimire, amatuluka mutu waukulu, timiyendo tating'ono, akuyang'ana m'mwamba mwamantha. Tsikani mufanane naye maso. Chimodzimodzi agogo akakhala pamphasa. Khalani pansi nanunso. Musawalamule kuti asekerere. Chezani nawo. Afunseni za kale, za mmene anakumanirana ndi agogo aamuna. Foni ikhale yokonzeka m'manja. Akayamba kuseka zenizeni, pamenepo ndiye dinani. Chithunzi chimenecho n'chimene zidzukulu zidzalimbirane.

Omvera, pali nkhani ina imene sindingaisiye, ngakhale si ya mabatani. Kamera imafuna ulemu. Safunsa anadya phula. Munthu si mtengo woti mungomujambula mmene mwafunira. Mayi akugulitsa pamsika, pemphani. Mwana wa eni, funsani makolo. Pa mwambo wa Gule Wamkulu, kapena pa maliro, yambani mwamva kwa eni mwambo. Akakana, bwezani foni m'thumba.

Ndipo izi ndinena mosabisa, chifukwa zimandiwawa. Ngozi ikachitika pamsewu, anthu ena amathamanga ndi foni m'malo mothamanga ndi thandizo. Amajambula ovulala. Amajambula omwalira. Posakhalitsa zithunzi zili m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook. Mayi akumva za imfa ya mwana wake kudzera pa chithunzi, asanafike womuuza mwaulemu. Kodi akanakhala m'bale wanu, mukanakonda? Kumeneko si kujambula. Ndi nkhanza. Wodwala m'chipatala nayenso ali ndi ulemu wake. Tisiye khalidwe limeneli.

Ndimalize ndi kasungidwe. Nkhope ya John Chilembwe timaidziwa tonse, timaiona ndi pa ndalama zathu. Timaidziwa chifukwa panali anthu amene anamujambula, zithunzizo n'kusungika. Mmodzi wa iwo anali Mmalawi mnzathu, Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku Mishoni ya Blantyre, n'kukhalanso katswiri wa kamera. Iyeyu anajambula Chilembwe ndi banja lake. Chilembwe anamwalira mu 1915, koma zithunzi zija tikuzionabe.

Nanga zathuzi, zidzakhalapo? Foni imabedwa. Imagwera m'madzi. Memori khadi imafa osatsanzika. Foni ikadzaza timafufuta mothamanga, n'kufufutira pamodzi chithunzi chomaliza cha bambo athu. Tisamadalire malo amodzi. Sungani zina pa kompyuta, zina pa intaneti, zina kwa m'bale. Potumiza chithunzi chofunika pa WhatsApp, dziwani kuti chimapanikizidwa n'kuchepa mphamvu. Chitumizeni ngati document kuti chifike chathunthu. Koposa zonse, sankhani zabwino zingapo mukatsukitse. Pepala silifuna batire, silifuna bandulo.

Ndikusiyirani ntchito, omvera. Mawa, dzuwa likapendeka, pitani kwa munthu wamkulu wa pabanja panu. Mupempheni. Mukhazikeni pakhonde, nkhope itayang'ana kowala. Pukutani kagalasi, yang'anani kumbuyo, khalani pansi mufanane naye maso, dinani pankhope, ndipo mucheze naye mpaka aseke. Chikakoma, kachitsukitseni sabata yomwe ino, ndipo kuseri kwake mulembe dzina lake, mudzi ndi chaka.